Musasinthe chikombole khoma lili pakati

A Mkonzi,

Ndiloleni danga m'nyuzipepala yathu yokondedwayi kuti ndifotokozeko zomwe zidatigwera kuno kumudzi, mwina anzathu a m'mipingo ina angatolepo kanthu asanagwere m'dzenje lomwe tidagweramo ife. Ndipepeseretu kuti kalatayi italikirapo. Munthu amene wagwira choko zaka zoposa 30 sadziwa kunena chinthu kamodzi n'kukhala chete.

Masiku ano kulibe ukwati, chinkhoswe kapena msonkhano wa makwaya umene umatha popanda mnyamata wonyamula kamera. Ine sindidana nazo zimenezi, ndipo mpingo wathu utayandikira kukwanitsa zaka 75 ndidali mmodzi mwa anthu amene adalimbikira kuti tikonze kanema wa mbiri yathu, woti tidzaonetse madzulo a tsiku la chikondwerero. Akulu a mpingo adandisankha kukhala wapampando wa kakomiti koyang'anira ntchitoyo. Tidagwirizana ndi mnyamata wina wa pamsika wathu, yemwe ndidamuphunzitsa ndekha Sitandade 8. Ali ndi kashopu kobenera nyimbo ndipo amajambula maukwati m'midzi yozungulira. Ndi mwana waulemu, wosamwa, ndipo ntchito yake anthu amaiyamikira.

Kwa miyezi iwiri mnyamatayo adayenda ndi ine pa njinga kukacheza ndi okalamba a mumpingo. Mmodzi mwa iwo adali agogo ena amene ali kamtsikana ankatunga madzi oumbira njerwa za tchalitchi choyamba. Agogowo adatchula amisiri onse mayina ndi mfunda zawo, adaloza pamene padali uvuni, adafotokoza mmene denga loyamba la udzu lidapsera, mpaka adaimba kanyimbo kamene ankaimba pochokera kudambo ndi mitsuko pamutu. Zambiri mwa izi mulibe m'buku lililonse la mpingo. Patangopita milungu yochepa chijambulireni, agogowo adatisiya. Pamaliro pawo tinkatonthozana kuti chikhalirecho mawu awo tawasunga.

Kwa amene sadaonepo ntchitoyi, kujambula ndi mbali yopepuka. Ntchito yeniyeni imayamba pambuyo pake, pa kompyuta. Zojambula za maola ambirimbiri ziyenera kusankhidwa, kudulidwa ndi kulumikizidwa kuti zitsale mphindi 40 zokha zomveka mutu ndi mchira. Mawu ayenera kugwirizana ndi milomo, nyimbo ilowe pamalo pake, dzina la woyankhula lilembedwe m'munsi. Zonsezi amachitira m'pulogalamu yapadera, ndipo mnyamata wathu adathera mausiku ambiri pamenepo, kudikira magetsi akabwera.

Kutatsala milungu itatu kuti chikondwerero chichitike, ntchito ili pafupi kutha, adandipeza pakhonde. "Aphunzitsi," adatero, "pulogalamu ija yatuluka ina yatsopano. Akuti imachotsa phokoso la mphepo. Mawu a agogo aja akhoza kumveka bwino kwambiri." N'zoona kuti tsiku lomwe tidawajambula kudali mwera, ndipo tambala wina sadatipatse mpata. Ine osafunsa n'komwe kuti kusinthako kumayenda bwanji, ndidangoti, "Chita zimenezo mwana wanga, bola agogo amveke." Choncho aliyense amene awerenge kalatayi adziwe kuti sindikuloza chala mnyamatayo. Chilolezo adachitenga kwa ine. Dzina la pulogalamuyo sinditchulanso, pakuti siidatikakamize. Ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada.

Zidayenda motere. Adagula bandulo n'kukopera pulogalamu yatsopanoyo usiku wonse. Pofuna kuiika, kompyuta idati malo achepa. Iye adafufuta mafoda angapo amene ankaganiza kuti ali nawo pawiri. Yatsopano idalowa, yakale n'kuchoka. Potsegula ntchito yathu padabwera uthenga wa m'Chingerezi wofunsa ngati akulola kuti ntchitoyo isandulizidwe kuti igwirizane ndi pulogalamu yatsopano, iye n'kuvomera. Apo m'pamene mavuto adayambira. Laputopu yake ndi ya kaunjika, ndipo katundu watsopanoyo adailemera. Zithunzi zinkayenda modumphadumpha, mawu ankatsogola milomo ikubwera pambuyo, mayina olembedwa m'munsi aja adasokonekera, ndipo pakapita mphindi zochepa pulogalamuyo inkangodzitsekera yokha. Ataona choncho adati abwerere ku yakale, adakaipeza kwa mnzake kuboma. Yakaleyo idakana kutsegula ntchito imene idaipanga yokha. Ndipo pofufuza bwino adapeza kuti limodzi mwa mafoda adafufuta aja silidali pawiri ayi. Lidali la agogo aja. Memole khadi imene adajambulirapo adali ataipukuta kale n'kukajambulira ukwati.

A Mkonzi, mnyamata uja adabwera kudzandiuza akulira ngati mwana. Tsiku la chikondwerero pulojekita yomwe tidabwereka idakhala m'katoni, alendo ochokera kutauni akufunsa kuti kanema uja ali kuti.

Nditakhazika mtima pansi ndidafuna kumvetsa chomwe chidachitika, ndipo ndidafunsa kwa odziwa ndi kuwerengako pang'ono. Ndidapeza kuti chimene timachitcha ntchito ya kanema pa kompyuta si kanema weniweniyo. Ndi kafayilo kakang'ono ka malangizo. Aphunzitsi anzanga amvetsa msanga ndikati kali ngati sikimu. Mu sikimu mulibe phunziro lenilenilo, mumangolembedwa kuti sabata yakuti, buku lakuti, tsamba lakuti. Buku likasowa m'kabati, sikimu imaloza pachabe. Kafayilo kaja nakonso kamangonena kuti tenga chithunzi chakuti m'foda yakuti, kuyambira mphindi yakuti kulekeza yakuti, uike pambuyo pa chakuti. Tsono pulogalamu yatsopano ikatsegula kafayiloko imakalembanso m'kalembedwe kake. Yatsopano imadziwa kuwerenga za yakale, koma yakale siingawerenge za yatsopano, poti pamene inkapangidwa kalembedweko kudalibe. Ndi mlatho wowolokera tsidya limodzi. Ngati sudasunge padera kafayilo koyambako, kubwerera kulibe.

Poyamba ndinkayesa kuti izi zimagwera ife a kumudzi okha chifukwa cha umbuli. Ayi ndithu. Ku America, kumene kanema ndi ntchito ya ndalama zankhaninkhani, adalira kale ndi zomwezi. Kampani ya Apple idali ndi pulogalamu yotchedwa Final Cut Pro 7, yodalirika kwambiri moti filimu ya The Social Network, imene idapata mphotho ya Oscar ya kalumikizidwe kabwino ka zithunzi m'chaka cha 2011, idakonzedwa ndi Final Cut Pro. Mu Juni chaka chomwecho kampaniyo idatulutsa ina yatsopano, Final Cut Pro X, n'kusiya kugulitsa yakale. Akatswiri atagula adapeza kuti yatsopanoyo siinkatsegula n'komwe ntchito zopangidwa ndi yakale. Munthu amene adali pakati pa filimu sakadatha kusamuka nayo. Dandaulo lidakula kwambiri moti pofika Seputembala kampaniyo idayambanso kugulitsa yakale ija kwa oitanitsa pa telefoni. Amene adapulumuka ndi amene adaugwira mtima n'kutsiriza ntchito zawo ndi chida chomwe adayambira.

Nkhani ina ndi ya Premiere Pro, ya kampani ya Adobe, imene anyamata ambiri ojambula amaidziwa. Mapulogalamu otere akamagwira ntchito amapanga timafayilo tongothandizira kuti zinthu ziyende msanga, ndipo nthawi ndi nthawi amatisesa okha kuti malo apezeke. Mtundu umene udatuluka mu Epulo 2017 udali ndi chilema: kwa anthu ena tsache lija linkasesa ndi mafayilo enieni omwe. Kampaniyo idavomereza ndipo idakonza mu Meyi. Koma mu Novembala 2018 wojambula wina adakasuma kukhoti ku California ponena kuti adataya tizidutswa ta kanema pafupifupi 100,000. Taonani kuti pakati pa kutuluka kwa chilemacho ndi kukonzedwa kwake padangopita milungu yochepa. Amene adadikira mwezi umodzi wokha osathamangira chatsopano sadakumane nacho.

Ngakhale kompyuta yeniyeniyo ikhoza kukusinthira zinthu uli m'tulo. Mu Okutobala 2018 kampani ya Microsoft idaimitsa kaye kugawa mtundu watsopano wa Windows 10 anthu ena atadandaula kuti mafayilo awo asowa atangoulandira. Makompyuta ambiri amabwera atatcheredwa kuti azilandira okha zosintha zotere akangolumikizidwa ku intaneti.

Kodi abale anga, mmisiri wanzeru amasintha chikombole khoma lili pakati? Chikombole chatsopano chikhoza kukhala chabwino kuposa chakale, njerwa zake zosalala ndi zamakona. Koma zikasiyana msinkhu ndi zomwe zili kale pakhoma, mizere siikumana, ndipo mng'alu udzayambira pomwepo. Amatsiriza nyumbayo ndi chikombole chakale, chatsopanocho n'kudzayambira nyumba ina. Abusa ndi ansembe amene akuwerenga akudziwa bwino za vinyo watsopano ndi matumba akale, ndiye sindiwalalikira.

Ife a zamaphunziro tidaziona izi. Silabasi yatsopano ya m'sukulu za pulayimale itabwera mu 2007, siidalowe m'makalasi onse tsiku limodzi. Idayambira Sitandade 1, makalasi ena n'kumalowa m'zaka zotsatira, ndipo ana amene adali pafupi kulemba mayeso a Sitandade 8 adatsiriza ndi mabuku awo akale. Padali zodandaula zambiri nthawi imeneyo, za mabuku ochedwa ndi maphunziro a aphunzitsi ofulumira, koma mfundo iyi yokha idali yanzeru. Mwana amene watsala ndi teremu imodzi sumusinthira buku. Chimene chimandipweteka n'chakuti ine ndinkazidziwa bwino zimenezi, koma zitabwera m'chovala cha kompyuta sindidazizindikire.

Ndikudziwa kuti achinyamata ena powerenga anena kuti madala awa akungoopa zatsopano. Ndiwayankhe. Sindikunena kuti tizikakamira zakale mpaka kalekale. Munthu wa kamera amene sasintha mapulogalamu ake adzatsala. Mafoni ndi makamera atsopano amasunga kanema m'njira zimene mapulogalamu akale ena satha kuwerenga, ndipo mwana wa kutauni akakutumizira zomwe wajambula pa foni yake udzangoona mdima. Palinso za chitetezo. Pa 14 Okutobala 2025 Microsoft idathetsa chisamaliro chake cha nthawi zonse pa Windows 10, imene ili m'malaputopu ambiri a kaunjika, ndipo kompyuta yosasamalidwa ndi khomo lotsegukira mavairasi. Tsono kusintha n'kofunika. Mkangano wanga uli pa nthawi yake. Denga timafolera m'chilimwe. Amene amasasula udzu mitambo itadetsa kumwamba, ngakhale malata ake akhale okongola chotani, agona m'madzi.

Ndivomerenso kuti nthawi zina munthu amakakamizika kusintha ntchito ili pakati, monga pamene pulogalamu yakale ili ndi chilema chimene chikumulepheretsa kutsiriza. Zikatero pali njira yake, ndipo si yovuta. Choyamba akopere zonse, kafayilo ka malangizo kaja pamodzi ndi zojambula zenizeni, pa chosungira china chimene achichotse pa kompyutapo n'kuchiika m'kabati. Atulutsenso kanema wathunthu wa pomwe wafika, ngakhale asanathe, kuti zikavuta pakhale choonetsa. Ife tikadachita ichi chokha, mphindi zingapo za agogo aja zomwe zidali zitalowa kale m'kanemayo tikadakhala nazo lero, mphepo ndi tambala zomwe. Akatero ayesere pulogalamu yatsopanoyo pa kope, osati pa ntchito yeniyeni, ndipo yakale asaichotse mpaka atakhutira. Premiere Pro imalola kuti mtundu wakale ndi watsopano ukhale pa kompyuta imodzi, bola munthu awerenge bwino pomwe akumufunsa ngati akufuna kuchotsa wakale. A kampani ya Blackmagic Design ya ku Australia, eni DaVinci Resolve, imene ili ndi mtundu waulere, amachenjeza okha kuti munthu asunge kope la nkhokwe ya ntchito zake asanaikweze, chifukwa ikakwezedwa mtundu wakale suitsegulanso. Machenjezo alipo. Vuto n'lakuti amabwera m'Chingerezi, m'zilembo zing'onozing'ono, pakati pa usiku, kwa mnyamata wotopa amene akuopa kuti magetsi athima.

Ndipo tisamaganize kuti yakale ikachoka tidzangoitenganso mosavuta. Kuyambira 2013 Adobe idasiya kutulutsa mitundu yatsopano yogula kamodzi n'kukhala yako, idayamba yolipira mwezi ndi mwezi. Mu Meyi 2019 idalengeza kuti olipira azitha kukopera mitundu iwiri yokha yaposachedwa. Malipirowo ndi a ndalama zakunja, ndipo tonse tikukumbukira kuti mu Novembala 2023 kwacha yathu idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. N'chifukwa chake anyamata ambiri amangopatsana mapulogalamu pa fulashi, osadziwa kumene achokera ndi zimene zabisala m'kati mwake. Iyi ndi nkhani ina imene atsogoleri a mipingo ayenera kuilingalira, ngati n'koyenera kuti kanema wa nyumba ya Mulungu akonzedwe ndi chida chosalipiridwa pomwe zaulere zovomerezeka zilipo. Ndiisiye pomwepo, ingatitengere kutali.

Pempho langa lipite kwa abusa, ansembe, mashehe, akulu a mipingo, mafumu ndi makomiti a sukulu, pakuti ndinu amene mumatuma ntchito zoterezi ndi ndalama za anthu osauka. Simufunika kudziwa kompyuta kuti muyang'anire bwino. Ine sindidziwa kuwotcha njerwa, koma pomanga midadada ya sukulu ndinkadziwa kufunsa kuti simenti yalowa matumba angati. Pogwirizana ndi wojambula, lembani papepala kuti sadzasintha pulogalamu kapena kompyuta kufikira ntchito itaperekedwa, ndipo ngati pali chomukakamiza adzayambe wakuuzani ndi kukuonetsani kope lomwe wasunga. Gulani chosungira chanuchanu cha mpingo. Tsiku lililonse akajambula, zojambulazo zikoperedwe pamenepo dzuwa lisanalowe, ndipo chizikhala kwa mlembi kapena msungichuma, m'bokosi momwe mumasunga mabuku a ubatizo. Memole khadi isapukutidwe mlembi asanaone ndi maso ake kuti kope likutseguka. Ambiri timaumira pamenepa, timati chosungira n'chodula. Ife tidawononga ndalama zambiri pa nsalu za chikondwerero ndi mbuzi za alendo kuposa mtengo wa chosungira chimodzi.

Muwapatsenso nthawi anyamatawa. Gawo lina la tsoka lathu lidali loti tinkamupanikiza, aliyense akufuna kuti mbali ya gulu lake iwonjezedwe, amayi, achinyamata, a Sande sukulu, kwaya iyi ndi iyo. Munthu wopanikizika amagwira chilichonse chimene chamulonjeza kufulumira. Ndipo mukamalipira, musamalipire ngati mukupereka mphatso kwa mwana. Amene walipidwa bwino akhoza kugula chosungira chachiwiri ndi memole khadi yapadera, osapukuta ya dzulo kuti ajambulire ya lero.

Kwa inu anyamata a makamera, ndikudziwa kuti uthenga uja ukabwera pa kompyuta woti kwatuluka zatsopano, mtima umadumpha. Dziwani kuti uthengawo sudziwa kuti muli pakati pa ukwati wa munthu kapena maliro a mfumu. Umafika kwa aliyense padziko lonse nthawi imodzi. Pezani pomwe amatsekera kuti zosintha zisamalowe zokha, ndipo muzitsegula inuyo mukapereka ntchito. Mukaona funso la m'Chingerezi limene simukulimvetsa, musadine msanga. Itanani mnzanu kapena mphunzitsi wa pafupi akuwerengereni. Safunsa adadya phula. Ukwati ukasokonekera simungauze akwati kuti abwerezenso kulumbira.

Kwathu kuno tidayesa kutumiza laputopu ija kwa amisiri a mumzinda amene amabweza zofufutidwa. Adatiuza kuti pulogalamu yatsopano ija idakhala pamalo pomwe padali fodayo, ndipo adangopulumutsa tizidutswa tosamveka. Mnyamata uja adayambiranso kulumikiza zotsalazo kuchokera pachiyambi, ndi pulogalamu yakale, ndipo wakana kulandira malipiro ena ngakhale komiti idamuumiriza. Tagwirizana kuti tidzaonetse kanemayo pa Khirisimasi. Pamalo pa agogo aja tidzaika chithunzi chawo cha pa chiphaso, ndipo mwana wawo wamkazi wavomera kufotokoza zomwe akukumbukira. Mayina a amisiri wakumbukira atatu. Kanyimbo ka kudambo kaja akuti sadakamvepo.



Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Ntchisi.